Kasamalidwe ka galu amene waswa kumene

Galu wamkazi amakhala ndi bere kwa masiku pafupifupi 63, ndipo akaswa amayamwitsa kwa masabata 6 mpaka 8. M'midzi ya ku Chisepo ndi madera ena a Dowa ndi Ntchisi, agalu ambiri ndi achikuda, olondera pakhomo komanso osakira nyama, ndipo amadzisankhira okha poswera: pansi pa nkhokwe, m'chigafa cha fodya kapena kuseri kwa khitchini.

Malo ogona

Ana agalu amabadwa osaona ndi osamva, ndipo maso amatseguka pakatha masiku 10 mpaka 14. Pa nthawiyi matupi awo satha kudzitenthetsa okha, choncho chisanu cha Juni ndi Julayi cha kumapiri kuno chimawapha msanga. Pogona pakhale pouma, posawomba mphepo, poyalidwa chiguduli kapena udzu wouma womasinthidwa ukanyowa. M'dzinja mdani ndi linthumbu, komanso ntchentche imene imaikira mazira padothi lonyowa ndi mkodzo; mphutsi zake zimaboola khungu la ana n'kutupitsa timabundu tokhala ndi kabowo pamwamba.

Chakudya

Apa ndi pamene eni agalu ambiri amalakwitsa. Galu woyamwitsa amafunika chakudya chowirikiza kawiri kapena katatu kuposa masiku onse, makamaka pa sabata yachitatu ndi yachinayi. Makoko a mumphika ndi mkute woponyeredwa madzulo sizingapange mkaka wokwanira ana asanu ndi mmodzi. Galu wotere amaoneka nthiti, ubweya umathothoka, kenako amayamba kugwira nkhuku za anansi, mlandu n'kukafika kwa amfumu.

Zofunikazo zilipo kale pakhomo. Phala la mgaiwa kapena la madeya lisakanizidwe ndi ufa wa soya wokazinga, mitu ya usipa imene amayi amasadzula pokonza ndiwo, bonya, kapena dzira lophika. Soya wamuwisi amavuta kugayika m'mimba. Nsomba zing'onozing'ono zodyedwa ndi minga yomwe zimapereka kashiamu, mchere umene umathera mumkaka. Galuyo apatsidwe chakudya katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo madzi akumwa akhale pafupi, chifukwa masiku oyambirira galu safuna kusiya ana ake. Anawo amayamba kunyambita phala lamadzimadzi akakwanitsa masabata 3 kapena 4.

Zizindikiro za matenda

Kudya nsengwa ndi kunyambita ana pamimba kuti achite chimbudzi ndi chibadwa. Zamadzimadzi zobiriwira kapena zofiirira zimatuluka kumaliseche kwa masabata angapo, ndipo si vuto ngati sizikununkha. Zikayamba kununkha, galu n'kutentha thupi ndi kukana chakudya, ndiye kuti chiberekero chagwidwa ndi matenda, mwina chifukwa nsengwa kapena mwana wakufa watsalira mkati. Bere lolimba, lotentha, lotulutsa mkaka wa magazi kapena mafinya nalonso lifunika mankhwala. Galu akamawefuka, kunjenjemera ndi kuuma miyendo, kashiamu wachepa m'magazi, ndipo atha kufa tsiku lomwelo. Zonsezi n'zofunika mlangizi wa ziweto. Mankhwala a anthu monga Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo dibi wa ng'ombe sayenera kuthiridwa pa ana agalu.

Njoka za m'mimba ndi chiwewe

Njoka za mtundu wa Toxocara canis zimalowa mwa ana ali m'mimba komanso kudzera mumkaka, n'chifukwa chake tiagalu tambiri timakhala totupa mimba. Mankhwala a njoka amayamba ana akakwanitsa masabata awiri, mayi ndi ana omwe. Mazira a njokazi amadwalitsanso ana a anthu osewera padothi pamene pali ndowe za agalu.

Galu woyamwitsa amalusa, ngakhale kwa mbuye wake, choncho ana a anthu aletsedwe kunyamula tiagalu. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala poopa chiwewe. Katemera wa chiwewe amaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, komanso mabungwe monga LSPCA ku Lilongwe ndi Mission Rabies, lomwe lidayamba ntchito ku Blantyre mu 2015. Mwana wagalu amayenera kubayidwa katemerayu akakwanitsa miyezi itatu.