Kusinkhasinkha pamodzi popempherera mtendere

Kusinkhasinkha pamodzi ndi pamene akhristu asonkhana, namva ndime yaifupi ya m'Baibulo, kenaka n'kukhala chete kwa kanthawi, aliyense akulingalira mawuwo pamaso pa Mulungu asanapemphere mokweza. Ena mwa inu mwatifunsa ngati mchitidwewu ndi wachikhristu, popeza pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda timakanema ta anthu otsinzina amene amati maganizo a anthu ambiri akalumikizana angathe kuletsa nkhondo. Funsoli ndi lomveka, ndipo nayi mbali yathu.

Ife sitiphunzitsa kuti m'maganizo a munthu muli mphamvu yotere, ngakhale okhala chetewo atakwana chikwi. Amene amaletsa nkhondo ndi Mulungu, ndipo ife timangomupempha. Koma kusinkhasinkha kwenikweniko n'kwa m'Malemba. Liwu la Chiheberi limene lili pa Yoswa 1:8 ndi pa Salimo 1:2 ndi hagah, ndipo limanena za munthu wobwereza mawu chapansipansi. Liwu lomwelo aneneri analigwiritsa ntchito ponena za kulira kwa nkhunda ndi kubangula kwa mkango uli pa nyama yake. Choncho wosinkhasinkha amakhala ndi mawu a Mulungu m'kamwa ndi mumtima, n'kumawabzikula monga ng'ombe imachitira usiku m'khola. Za kupempherera mtendere wa dziko, onani Yeremiya 29:7, pamene akapolo anauzidwa kupempherera Babulo, mzinda wa adani awo, ndi 1 Timoteo 2:1-2, pamene Paulo akulamula kupempherera olamulira.

Mantha a nkhondo kuno kum'mawa si achilendo. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinkaoloka malire n'kulowa m'midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, kupha anthu ndi kulanda ziweto. Othawa nkhondoyo ambiri anakhazikidwa ku Ukwimi. Agogo athu amene anagonapo m'tchire masiku amenewo akamva lero za Cabo Delgado, kumene kwakhala kumenyana kuyambira 2017, kapena za kugwa kwa Goma m'manja mwa M23 mu January 2025, mtima umawagunda mosiyana ndi achinyamata. Nkhondo ya ku Ukraine ya 2022 nayo inatifika kudzera pa mtengo wa feteleza.

Kodi mapemphero otere anathandizapo? Mbiri ya Mozambique yemweyo ndiyo ili pafupi nafe. Pangano lothetsa nkhondo linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ndi a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama. Zokambirana zake, zimene zinatenga zaka zoposa ziwiri, zinachitikira kwa gulu la Sant'Egidio, akhristu wamba amene mwambo wawo kuyambira kale ndi kusonkhana madzulo alionse kumva Malemba ndi kupemphera. Iwowa ndi Akatolika, ndipo ife sitichita manyazi kuphunzira kwa iwo. Mipingo ya Chipulotesitanti nayo inali mkati: Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican anali mmodzi wa atsogoleri a mipingo amene anakumana ndi a Renamo ku Nairobi mu 1989, nthawi imene ambiri ankaopa ngakhale kuwatchula. Nkhondo itatha, mu 1995, bungwe la mipingo la Christian Council of Mozambique linayamba ntchito yolandira mfuti zobisidwa, n'kumapereka makasu, njinga, makina osokera ndi malata m'malo mwake. Chimene tikuonapo ndi chakuti anthu amene anazolowera kukhala chete pamaso pa Mulungu ndi omwenso anatha kukhala pansi n'kumvetsera mdani mpaka atamaliza kulankhula.

Ku Leipzig, ku East Germany, mapemphero a mtendere a Lolemba lililonse mu tchalitchi cha Nikolaikirche anayamba mu 1982 ndi anthu ochepa chabe. Pa 9 October 1989, atatha mapemphero, anthu pafupifupi 70,000 anayenda mumsewu ndi makandulo, asilikali osawombera, ndipo patapita mwezi umodzi khoma la Berlin linatseguka. Kuno kwathu, mu 1991, mipingo ndiyo inakumanitsa a Kenneth Kaunda ndi a Frederick Chiluba mu Cathedral of the Holy Cross ku Lusaka chisankho chisanachitike.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Anthu 5 kapena 50, m'tchalitchi kapena pansi pa mtengo, n'chimodzimodzi. Mafoni azimitsidwe. Mmodzi awerenge ndime yaifupi kawiri, modekha, osalalikira. Salimo 46, Mika 4:1-4 ndi Afilipi 4:6-7 ndi zoyenera. Kenaka onse akhale chete mphindi 10. Tikudziwa kuti ichi n'chovuta kwa ife ozolowera makwaya ndi ng'oma, ndipo tsiku loyamba ena adzakhosomola, ena adzawodzera. Zisakudetseni nkhawa. Pambuyo pake wotsogolera atchule maiko ndi malo mmodzimmodzi, mpingo n'kuvomera ndi pemphero lalifupi. Mbali zonse zomenyana zitchulidwe, ndipo maina a zipani za ndale za kuno asalowemo. Mphekesera za pa foni zimene palibe wazitsimikiza zisasandutsidwe mitu ya pemphero, chifukwa potero timafalitsa mantha omwewo amene tabwera kudzatula.

Masiku oyenera kusonkhana mipingo yonse ndi 21 September, tsiku la mtendere pa dziko lonse, limene World Council of Churches imalisunganso ngati tsiku lopempherera mtendere, ndi 18 October, tsiku la mapemphero m'Zambia kuyambira 2015. Pa misonkhano ya mlungu ndi mlungu, sankhani tsiku la pakati pa mlungu, kuti abale athu a Adventist a ku Mwami amene amapembedza Loweruka, ndi a ku Mchinji kutsidya kwa boda, athe kukhala nafe.

Akulu a mpingo akumbukire kuti pakati pathu pali anthu amene anaiona nkhondo ndi maso, ena anabadwira ku Tete kapena ku Congo. Pakakhala zii, zakale zimabwerera, ndipo wina angayambe kulira kapena kutuluka panja. Mkulu mmodzi kapena mayi wa chigwirizano akhale pafupi ndi khomo, amutsatire, akhale naye, ndipo asamukakamize kufotokoza.