Ndolo za ng'ombe: khutu linayamba liti kunyamula nambala?

Mwezi watha alamu anga a ku Katete anandionetsa kaphukusi kamene kanabwera pa basi kucokera ku Lusaka. Munali matagi acikasu 30 a pulasitiki yofewa. Lililonse linali ndi dzina la banja lao pamwamba, nambala yaikulu pakati, ndi nambala ya foni pansi. Anaitanitsa pa intaneti: anasankha mtundu, analemba mau oti asindikizidwe, nalipira ndi foni. Wogulitsayo sanaonane naye n'komwe. Madzulo ake tinagwira ng'ombe imodziimodzi m'khola, ndipo pamene mdima unali kugwa zonse zinali zitavala ndolo. Ndi mmene anyamata abusa amachulira matagiwa, ndolo.

Nditagwira khutu la ng'ombe yaikazi yokalamba, mai wa theka la kholalo, ndinapeza kuti wina analembapo kale. M'mphepete mwa khutu lamanzere munali motema muwiri ngati mano a sowo. Anatema ndi mpeni ndi malemu atate ao a alamu anga. Khutu limodzi, zolemba ziwiri. Tingaganize kuti tagi yangolowa m'malo mwa mpeni, koma mbiri ikuonetsa kuti ziwirizi zinabadwa kuti ziyankhe mafunso osiyana. Mpeni umayankha funso lakuti, ng'ombe iyi ndi ya yani? Tagi inapangidwa kuti iyankhe lina: pa ng'ombe zonsezi, iyi ndi iti?

Funso laciwirili makolo athu analibe nalo nchito. Ng'ombe zambiri za kuno kum'mawa ndi za mtundu uja akatswiri amaucha Angoni, za linunda ndi nyanga zazifupi, ndipo dzinalo likucokera kwa anthu a Zwangendaba amene anaoloka Zambezi mu 1835. Kwa munthu wokulira pakhola, ng'ombe iliyonse ili ndi nkhope. Amaidziwa ndi maanga ake, kapindikidwe ka nyanga, kaliridwe, ngakhale mapazi ake pamatope. Amadziwa mai wake, ndiponso kuti inabwera pa malobolo a yani. Kutema khutu kunali kwa anthu apadera, monga a mudzi woyandikana nao pamene ziweto zasakanikirana kudambo, kapena m'bale amene waikizidwa ng'ombe kuti azisunga zaka zingapo. Buku lake linali mitu ya anthu. Mlandu ukabuka, nyakwawa anali kuitana akuluakulu, iwo n'kunena kuti katemedwe aka ndi ka banja lakuti.

Zinthu zinatembenuka mu 1898, pamene asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wake Nsingo, ndi kulanda ng'ombe zikwizikwi. Posakhalitsa kuzungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, kunadzaza mapulazi a azungu. Tsono munthu wokhala ndi ng'ombe zambiri zimene sanakule nazo, zowetedwa ndi anchito, sangazidziwe ndi nkhope, ndipo mboni za m'mudzi sangazidalire. Amafuna cizindikiro cimene wapolisi ndi woweruza angawerenge. Cizindikiroco cinali cidindo ca moto: citsulo cofiira cikanikizidwa pa cikopa, malembo n'kutsala moyo wonse. Mu 1913, patangopita zaka ziwiri dziko la Northern Rhodesia litakhazikitsidwa, boma linaika lamulo la zidindo, Brands Act, lakuti cidindo cizilembetsedwa m'kaundula pa dzina la mwini wake. Umboni unasamuka m'mitu ya akuluakulu n'kulowa m'buku la ku ofesi. Koma funso linali lomwe lija, lakuti ndi ya yani. Ng'ombe 200 za munthu mmodzi zinali ndi cidindo cimodzi.

Tagi inacokera kwina, ndipo siinayambire pa ng'ombe. Mu 1799 ku England, Joseph Banks anali kuyang'anira nkhosa za mtundu wa Merino za mfumu George III. Nkhosa zoyera zofanana zokhazokha, koma iye anafuna kudziwa kuti iyi yabadwa kwa iti, ubweya wabwino ukucokera ku mzere uti. Anapempha Matthew Boulton, mwini fakitale wa ku Birmingham, kuti amupangire tizitsulo tomangirira kukhutu. Umwini sunali vuto, pakuti ndani akanalimbana ndi mfumu? Vuto linali kusiyanitsa imodzi ndi inzake.

Pa ng'ombe, cimene cinafalitsa tagi ndi matenda. Mu 1913, caka comwe cija ca lamulo lathu la zidindo, ku Canada anayamba kuika matagi pa ng'ombe zoyezedwa cifuwa cacikulu. Kayezedwe kake ndiko kanafuna zimenezi. Dokotala amabaya mankhwala pakhungu lero, n'kubweranso patapita masiku atatu kudzaona ngati patupa. Akabwera ayenera kutsimikiza kuti imene akuiona ndi yomwe ija anabaya, cifukwa yopezeka ndi matenda imaphedwa. Kulakwitsa pamenepo ndi kupha ng'ombe yabwino n'kusiya yodwala m'khola. Matagi oyambawo anali acitsulo, ang'onoang'ono, osawerengeka kufikira utaigwira nyamayo. A pulasitiki aakulu amene tikuona lero, oboola ndi kabatani kumbuyo, anabwera pambuyo pake, ndipo kampani ya Allflex ya ku New Zealand ndi imodzi mwa zimene zinawafalitsa pa dziko lonse.

Kuno kwathu njira inali yomweyo, ya matenda. Aliyense woweta ng'ombe ku Katete, Chadiza kapena Petauke amadziwa cigodola, nthenda imene imatha matole: zotupa m'munsi mwa makutu, kutentha thupi, thovu kumphuno, kenako imfa. Imabwera ndi nkhupakupa yofiirira imene, mwa malo onse a pathupi, imakonda kukhala m'khutu momwemo. M'zaka za m'ma 1980 a zaziweto, mothandizidwa ndi akatswiri a ku Belgium, anayamba kupereka katemera wacilendo m'cigawo cino. Thole limabayidwa tizilombo tamoyo ta nthendayo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, kuti lidwale pang'ono cabe, licire, ndipo likhale lotetezeka. Tizilombo togwiritsa nchitoto tinatengedwa kwathu konkuno, n'cifukwa cake m'mabuku a akatswiri timachedwa Katete. Katemerayu ndi wa kamodzi, ndipo ndi wodula kupanga ndi kusunga, motero thole lolandira linali kuikidwa tagi kuti lisabayidwenso ndi kuti lizilondoledwa. Ambiri a ife tagi yoyamba tinaiona pamenepo. Ndikukumbuka tili ana tinali kuyesa kuti thole la ndolo ndi la boma. Akuluakulu anali kudziwa bwino: ndolo inatanthauza kuti ili silifa ndi cigodola, ndipo pogula munthu anali kuyamba wayang'ana kukhutu.

Cimene cinasandutsa tagi kukhala citupa ca ng'ombe ndi mantha a anthu odya nyama ku Ulaya. Nthenda ya misala ya ng'ombe, BSE, inazindikirika ku Britain mu 1986. Mu March 1996 boma la kumeneko linavomera kuti mwina ikupha ndi anthu omwe, ndipo maiko a European Union analetsa nyama ya ku Britain. Pofufuza kuti ng'ombe yodwala inabadwira kuti, inadya ciani, ana ake ali kuti, anapeza kuti zolemba zinali zoperewera. Kuyambira 1998 thole lililonse lobadwa m'maiko amenewo linayenera kuvala matagi awiri, khutu lililonse yake, a nambala imodzi yosabwerezeka, yolembedwa m'kompyuta ya boma. Ofuna kugulitsa nyama kumeneko anayenera kutsata. Anzathu a ku Botswana poyamba anasankha kumwetsa ng'ombe kacipangizo kokhala m'mimba, mu 2001, koma pambuyo pake anabwerera kukhutu. Namibia nayo ili ndi dongosolo lake. Matagi a masiku ano ena ali ndi kacipangizo mkati kowerengedwa ndi makina, ka manambala 15, ndipo atatu oyamba amasonyeza dziko kapena wopanga. Nambala ya Zambia pa mndandanda wa maiko ndi 894.

Ife tinacedwa. Lamulo la 1913 lija linakhala zaka 97, kupyola ufulu wa 1964 osagwedezeka, kufikira Animal Identification Act ya 2010 inalowa m'malo mwake. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inabweretsanso lina, Animal Identification and Traceability Act, ndipo liu loonjezedwalo ndilo mutu wa nkhani: kulondola ciweto kucokera kumene cinabadwira kufikira kumene caphedwera. Ine ndikuona kuti n'zofunika, makamaka tikakumbukira mmene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amatsekera misika. Koma lamulo kulembedwa ku Lusaka ndi cina, kufika pa khola la ku Vubwi ndi cinanso.

Tsono matagi a alamu anga aja ali pati m'mbiri imeneyi? Thupi lake ndi la Banks ndi madokotala a ku Canada, koma mtima wake ndi wa mpeni wa atate ao. Dzina la banja ndi nambala ya foni zikunena kuti ndi ya yani. Ndipo apa ndi pamene ndimadera nkhawa, cifukwa pa nchito imeneyo tagi ndi yofooka kuposa zonse zimene zinaitsogolera. Kampani ya pa intaneti imasindikiza ciliconse cimene mwalemba, siifunsa ngati ng'ombezo ndi zanu. Nambala 07 ya ku Katete ilinso pa khola lina ku Lundazi. Palibe kaundula wa boma amene akuidziwa. Ng'ombe ikasocera n'kupezedwa ndi munthu wacilungamo, foni idzalira ndithu, ndipo pa ici cokha ndalama zao sizinapite pacabe. Koma wakuba amangofuna lezala.

Zinacitika m'mudzi mwathu zaka zitatu zapitazo. Ng'ombe ziwiri zapagoli za mai wina wamasiye zinatulutsidwa usiku, mvula yoyamba ili pafupi. Amene amalima ndi ng'ombe akudziwa tanthauzo lake: munda wa cimanga ndi wa nshawa wonse unali pa makosi awiri amenewo. Zonse zinali ndi matagi ogula okha. Patapita masiku asanu zinapezeka m'khola lina kutali, makutu ali ndi mabowo okhaokha. Wosungayo anati anagula, ndipo mabowo ali pa ng'ombe zambiri. Cidindo colembetsa maiwo analibe. Cimene cinawapulumutsa ndi motema mwa malemu amuna ao, mmene akuluakulu awiri anacitira umboni, ndi mdzukulu wao wa zaka 11 amene anaima kunja kwa khola naitana maina, ng'ombe ziwirizo n'kutukula mitu ndi kubwera. Anacedwa kulima ndi sabata imodzi.

Nkhaniyi ndinawauza alamu anga tikusamba m'manja. Sindinawaletse matagi, cifukwa pa nchito yake yeniyeni ndi abwino. M'kabuku kao tsopano angalembe kuti 12 inakwerewa liti, 19 inabayidwa mankhwala ati, 04 yabala kangati, zinthu zimene mutu umaiwala khola likakula, makamaka mwini wake akamakhala m'tauni. Tinasamala kuboola pakati pa khutu, pakati pa mitsempha iwiri yolimba ija, osati kunsonga kumene tagi imakodwa m'minga n'kung'amba khutu. Khutu limodzi tinalisiya lopanda kanthu kuti tagi ya boma ikadzafika idzapeze malo. Iwo anati Lolemba adzapita ku ofesi ya zaziweto kukafunsa za cidindo ca atate ao, ngati cikali m'kaundula kapena cinafafanizidwa.

M'mawa mwake anauza mbusa kuti amange 07 ndi 15 pa ngolo. Mnyamatayo anaima, nayang'ana kholalo, nayang'ananso alamu anga.

"Mukunena Bantomu ndi Bulaki, amalume?"