Fumbi la ku Joni m'Mapapo a Atonga

Dr. Robert Laws atasamutsira mishoni ku Bandawe m'chaka cha 1881, anyamata ambiri a Chitonga anaphunzira kuwerenga ndi kulemba. Patangopita zaka zisanu, golide anapezeka ku Johannesburg, ndipo amuna a m'midzi yozungulira Nkhata Bay anayamba kulowera kumwera. Ku migodiko anthu ochokera ku maiko otentha anali kufa ndi chibayo mochuluka, kotero kuti m'chaka cha 1913 boma la South Africa linaletsa Wenela kulemba anthu a kuno. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ngakhale kuti Atonga ambiri sanachisamale konse. Iwo anali kupitabe paokha, ulendo umene ankautcha wa selefu.

Chibayo chinali kupha msanga, koma mdani woopsa koposa anali fumbi la mwala. Munthu anali kutsika pa doko la Nkhata Bay ali wonenepa, atanyamula bokosi la zovala ndi njinga yatsopano. Zitapita zaka, anali kuyamba befu pokwera chitunda chochokera kunyanja. Abale ake ankati ndi mphumu, ena ankati walodzedwa chifukwa cha chuma chake.

Tsono chimene chinali kuchitika ndi ichi. M'mapapo mwa munthu muli timaselo toteteza thupi totchedwa macrophage, timene timameza tizilombo ndi kutisungunula. Katswiri wina, Élie Metchnikoff, anaona khalidwe lomezali m'chaka cha 1882. Timaseloti tikapeza kambewu ka fumbi timakameza monga mwa ntchito yake, koma mwala susungunuka. Kaselo kamafa, fumbi limatsala, ndipo kakamafa kamaitana tinzake timene timafanso chimodzimodzi. Pamalo pa nkhondoyi pamatupa, kenaka pamachita chipsera cholimba chosalola mpweya. Nthendayi ndiyo silicosis, ndipo imakulabe ngakhale munthu atasiya mgodi kalekale.

Apa mpamene imasiyanirana ndi mphumu. Pa mphumu yobwera ndi mungu kapena fumbi la m'nyumba, timaselo totchedwa eosinophil ndito timatupitsa njira za mpweya, ndipo kawirikawiri timagonja ku mankhwala opopera a steroid. Chipsera sichimva mankhwala ali onse. Choipa china nchakuti alonda aja akafooka, chifuwa chachikulu chimalowa mosavuta, ndipo mwamuna amachipatsira mkazi ndi ana amene sanauonepo mgodi.

Eni migodi anaidziwa nthendayi kale, pakuti lamulo lolipira odwala linalipo kuyambira 1912. Koma munthu wakuda anali kulandira kangachepe, ndipo wodwalira kumudzi kawirikawiri sanali kulandira kanthu. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 ndi kupha Amalawi 74, Dr. Banda anaimitsa kulemba anthu. M'chaka cha 2019 bwalo lalikulu la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani asanu ndi limodzi a golide apereke marandi 5 biliyoni kudzera ku bungwe la Tshiamiso. Malipirowo anakhudza okhawo amene anagwira ntchito kuyambira 1965. Makolo athu amene anapita chisanafike chakacho sanawerengedwe.