Seventy-four: nsomba yomwe inatha chifukwa chokoma

Sabata ino ndakutengerani mbiri ya nsomba ya m'nyanja yamchere, ya kugombe la kum'mawa kwa South Africa. Dzina lake ndi seventy-four. Eya, nambala yeniyeni, 74. Anthu amati dzinali linachokera ku zombo zankhondo zakale zonyamula mizinga 74, poti mizere ya m'nthiti mwa nsombayi inkawakumbutsa mizere ya mabowo a mizinga ija. Katswiri wa ku Britain, Charles Tate Regan, ndiye anayamba kuilemba m'mabuku a sayansi mu 1908, ndipo lero amaitcha Polysteganus undulosus. Ili m'banja la nsomba zotchedwa seabream.

Mutaiona simungaisokoneze. Thupi lake ndi lofiirira, kumimba koyererako, m'nthiti muli mizere ya buluu yokhotakhota, ndipo cha pamwamba pa chipsepse cha pachifuwa pali banga lakuda. Ikakula imafika mita yathunthu. Imakhala m'miyala ya pansi pa nyanja, pakuya mamita makumi angapo, kuyambira kummwera kwa Mozambique mpaka kugombe la Cape. Kwina kulikonse padziko simukaipeza. Imadya nsomba zing'onozing'ono monga sardine, komanso squid ndi tinkhanu. Nyama yake ndi yoyera, yogwirana bwino, ndipo kukoma kumeneku ndi komwe kunaiputira tsoka.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, seventy-four inali imodzi mwa nsomba zomwe maboti a mbedza a ku Durban ankabwera nazo zambiri. Chinsinsi chake chinali ichi: kumapeto kwa nyengo yozizira, zikuluzikulu zimasamukira kumpoto n'kukaunjikana kugombe la KwaZulu-Natal, makamaka pa Illovo Banks, kummwera kwa Durban, kuti ziswane. Asodzi atadziwa malowo ndi nthawi yake, zinali ngati kupeza mbuzi zonse zili m'khola. Ankazigwira zili ndi mazira m'mimba, chaka ndi chaka. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, maboti ang'onoang'ono a injini anachuluka, ndipo kufika pamalowo kunaphweka.

Ife a mumsika timazidziwa izi. Katundu akachuluka mtengo umagwa, ndiye kuti upeze ndalama yomweyo umafuna wochulukirapo. Akayamba kusowa mtengo umakwera, aliyense n'kuthamangira kotsalako. Konsekonse yolira ndi nsomba. Tsono seventy-four imatenga zaka zingapo isanayambe kuswana, choncho zogwidwazo sizinkabwezeretseka msanga. Pofika zaka za m'ma 1960 inali itachepa kwambiri, ndipo asodzi anatembenukira ku mitundu ina.

Boma linachitapo kanthu madzi atafika kale m'khosi. Mu 1998 linaletseratu kugwira nsombayi, kaya ndi yogulitsa kaya ndi ya ndiwo. Mu 2000 nduna yoona zachilengedwe, Valli Moosa, inalengeza kuti usodzi wa mbedza m'dziko lonselo uli pangozi. Bungwe la IUCN linaika seventy-four m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Ngakhale kuibweza m'madzi sikuthandiza nthawi zonse, chifukwa nsomba yokokedwa kuchokera pakuya imatupa thumba la mpweya ndipo kawirikawiri imafa.

Ndiye inu muli ndi m'bale ku Durban wokonda kuwedza, muuzeni za banga lakuda lija ndi mizere ya buluu, angapezeke m'manja mwa apolisi chifukwa cha ndiwo. Kwa ife otsala kuno, nkhaniyi si yachilendo. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinachepa motero kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo nthawi yotseka nyanja ikafika timadandaula kuti bizinesi yaima. Koma miyezi yochepa yopanda chambo pabenchi ndi yopiririka. Ku South Africa papita zaka zoposa 25 wogulitsa nsomba asakuloledwa kuika seventy-four pa sikelo.