Likulu linatisiya mu 1975: nkhani ya Lilongwe ndi mapuloti ake



Loweruka lapitali tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Nkhani inayamba ndi anyamata athu atatu amene akukonzeka kupita ku Lilongwe kukafuna ganyu ya zomangamanga mvula ikangotha. Mtsikana wina anafunsa kuti, kodi n'chifukwa chiyani ntchito zonse zili kumeneko, pamene likulu la dziko linali kwathu kuno ku Zomba? Aliyense anayankha zake. Wina akuti Kamuzu ankadana ndi anthu a kum'mwera, wina akuti phiri linkafuna kugumuka. Ndinalonjeza kuti ndilemba zimene ndikudziwa, ndiye nazi. Ndi yaitali pang'ono, pepani a bandulo yochepa.

Zomba inakhala likulu mu 1891, Harry Johnston atabwera kudzakhazikitsa boma la atsamunda. Azungu anakonda malowa chifukwa cha kamphepo kozizira ka m'tsinde mwa phiri ndi madzi a Mulunguzi amene saphwa. Nyumba ija timaitcha Hotel Masongola inamangidwa zaka zochepa izi zisanachitike, kuti muzikhala kazembe wa Britain. Koma tisanamizane, ndalama zenizeni sizinali ku Zomba. Makampani, njanji ndi masitolo akuluakulu zinali ku Blantyre ndi ku Limbe. Zomba inali tauni ya makalaliki, asilikali ndi apolisi. Kwa ife a kunyanja, tauniyo inali msika basi. Anganga anga amasimba kuti ankanyamuka tambala woyamba atasenza dengu la matemba ndi makumba owamba, ndipo pakutha pa mwezi dengu silinkabwerera ndi kanthu, chifukwa akazi a makalaliki ndi ophikira mabwana ankachita kulimbirana.

Nthawi imeneyo Lilongwe inali boma laling'ono, lodziwika ndi fodya, mtedza ndi masitolo a amwenye m'mbali mwa mtsinje. Kalembera wa 1966 anapezako anthu osakwana 20,000. Lero anthu amenewo sangadzaze ngakhale theka la bwalo la mpira la Bingu.

Kamuzu Banda ankanena yekha kuti ganizo losamutsa likulu linamufikira ali m'ndende ku Gwelo, kumene atsamunda anamutsekera kuyambira 1959 mpaka 1960. Ankati analota zinthu zitatu: likulu ku Lilongwe, yunivesite, ndi msewu wa m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Ufulu utabwera mu 1964 sanachedwe kulengeza. Zifukwa zimene boma linapereka zinali zomveka ndithu. Zomba ndi yopanikizika, kumbuyo phiri, kutsogolo minda ndi midzi, malo okulira ndi ochepa. Lilongwe ili pakati pa dziko, pachigwa chachonde, ndipo chitukuko chonse cha atsamunda chinali chitaunjikana kum'mwera, anthu a pakati ndi kumpoto n'kumangobwera kudzagwira ntchito. Otsutsa ankanong'onezana kuti mkuluyo kwawo ndi ku Kasungu, akukokera kwawo. Ine ndikuona kuti zonse ziwiri zinalipo, ndipo masiku amenewo wonena chachiwiricho mokweza ankagona ku Mikuyu.

Vuto linali ndalama. Britain inakana, inati dziko losauka chonchi lisawononge ndalama pa maofesi atsopano. Apa Kamuzu anachita chimene atsogoleri anzake a mu Africa sanamukhululukire: anatembenukira ku South Africa ya tsankho. Mu 1967 Malawi inakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la azungu la ku Pretoria, ndipo mu 1968 inalandira ngongole ya marandi 8 miliyoni yoyambira kumanga likulu. Nduna yaikulu ya dzikolo, John Vorster, inabwera kuno mu 1970, Kamuzu n'kukabweza ulendo mu 1971. Ndalama za komweko ndi zimene zinamanganso njanji ija imadutsa kumpoto kwa nyanja yathu, pa Liwonde mpaka Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970.

Chaka cha 1968 akuluakulu a kuno amachikumbukira pa chifukwa china. Ndi chaka chimene Chilwa inaphwa, mabwato n'kukhala pamatope ong'aluka. Ndiye pamene ku Lilongwe ankakhoma zikhomo za misewu yatsopano, kuno asodzi ankakolowekatu maukonde. Anganga amati ena a m'mudzi mwathu ananyamuka nthawi yomweyo kukaumba njerwa kumeneko. Ulendo umene anyamata athu atatu akuukonzekerawu si wachilendo ayi, agogo awo anauyendapo.

Tsopano apa ndi pamene pali mutu wa nkhani, mvetserani bwino. Boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, anthu ankangoti CCDC. Bungweli linapatsidwa malo onse a mzinda watsopano, ndi mphamvu zogawa mapuloti, kubwereka ndalama, kumanga nyumba ndi kuzichititsa lendi. Midzi imene inali pamalopo inasamutsidwa. Mapulani anajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo anajambula mzinda wofanana ndi umene ankaudziwa kwawo. Maofesi a boma pa Capital Hill. Pafupi pomwepo kumayadi, Area 10, Area 12, Area 43, mapuloti aakulu ngati munda. Mafakitale kutali ku Kanengo. Anthu wamba kutalinso, kumalo ngati Area 25, kumene munthu ankapatsidwa puloti yopimidwa kuti amange yekha monga angathere. Pakati pa dera ndi dera anasiya tchire ndi mitengo. Manambala a madera aja satsatana ndi mtunda, n'chifukwa chake mlendo amene akuganiza kuti Area 24 yayandikana ndi Area 25 amayenda mpaka phazi kutupa. Ina ili kum'mwera kwa mzinda, inzake kumpoto.

Pa pepala zinali zokongola, ndipo wokhala ndi galimoto mpaka lero amaukonda mzindawu. Koma wolondera ku Area 10, wophika, wosakaniza matope, woyendetsa wilibala, sanamuganizire kuti azigona pati kuti m'mawa afike pantchito ndi miyendo. Anthuwa anadzipezera okha malo. Ankapita kwa mafumu a midzi ya m'mphepete, n'kupempha kapena kugula kachigawo, n'kuumba zidina. Umu ndi mmene Mtandire, Kauma, Mgona ndi Chinsapo zinakulira. Mtandire ili maso ndi maso ndi Area 47. Kauma yatsamira kumayadi a Area 12. Sizinangochitika mwangozi: wantchito amakhala pamene angayende wapansi kupita kwa bwana.

Lilongwe inakhala likulu mwalamulo mu 1975. Maunduna anasamuka, makalaliki ndi mabanja awo n'kukwera malole. Zomba sinafe, popeza Chancellor College inali itabwera ku Chirunga mu 1973, ndipo asilikali a ku Cobbe Barracks, ndende yaikulu, Government Press, malo osungira mbiri yakale ndi ofesi ya kalembera zinatsala. Nyumba ya Malamulo nayo inapitiriza kukumana ku Zomba mpaka a Bakili Muluzi atalowa m'boma mu 1994. Koma onani manambala. Lilongwe inali ndi anthu pafupifupi 99,000 mu 1977, oposa 220,000 mu 1987, pafupifupi 440,000 mu 1998. Pa kalembera wa 2008 inapitirira Blantyre. Mu 2018 inali ndi anthu pafupifupi 989,000, pamene mzinda wa Zomba unali ndi pafupifupi 105,000. Chosangalatsa n'chakuti manambala onsewa amawerengetsera ku Zomba konkuno.

CCDC inathetsedwa mu 1984, ntchito yake akuti itatha. Kuyambira pamenepo malo a mumzinda anakhala ndi eni ambiri: unduna wa za malo uli ndi ake, khonsolo ya mzinda ili ndi ake, Malawi Housing Corporation ili ndi ake, ndipo m'mphepete mafumu akugawabe ngati kale. Anthu akuchuluka chaka ndi chaka, mapuloti opimidwa akutuluka pang'onopang'ono, mndandanda wodikira nyumba za boma ndi wa zaka. Pamene pali njala yotere sipalephera madobadoba. Lero anthu oposa theka a mu Lilongwe amakhala m'madera amene sanali pa mapulani aja, ambiri a iwo pa lendi, chipinda chimodzi, mpopi wogula ndowandowa, chimbudzi cha mabanja asanu. Ena anamanga m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje chifukwa ndi mmene munali motsika mtengo, ndipo mu 2017 Lingadzi itasefukira, Mtandire ndi imene inalira.

Nanga n'chifukwa chiyani puloti ikukwerabe mtengo pamene anthu ambiri alibe ndalama? Chifukwa kwacha sisungika. Mu May 2022 inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene ali nazo anaphunzira kalekale kuti ndalama ya kubanki imasungunuka ngati mchere m'madzi, koma puloti ndi mpanda wake sizisungunuka. Wa bizinesi, wa m'boma, wa ku Joni, wa ku Ireland, aliyense akapeza kangachepe amathamangira malo. N'chifukwa chake mukamalowa mumzinda mumaona nyumba zambirimbiri zofika pa windo, udzu utamera mkati. Mwini wake sakufulumira, wasunga kale ndalama zake. Kumayadi kuli akazembe ndi mabungwe akunja, ndiye nyumba zina lendi yake amatchula m'madola. Nkhani ya Cashgate itaphulika pa Capital Hill mu 2013, anthu anayamba kuyang'ana mipanda italiitali ija ndi diso lina. Sindikunena kuti aliyense womanga ndi wakuba, ayi, ambiri akhetsa thukuta. Koma ndalama yosakhetsera thukuta ikalowa pamsika sinenerera mtengo, ndipo mphunzitsi amene wakhala akusunga zaka khumi amangoona puloti ikumuthawa.

Nyumba zikuluzikulu zimene timajambulitsapo zithunzi nazonso zinabwera ngati mmene Capital Hill inabwerera, ndi ndalama zakunja. Malawi itasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi China kumapeto kwa 2007, kunabwera Nyumba ya Malamulo yatsopano mu 2010, malo a misonkhano a BICC ndi hotela yake, kenako bwalo la mpira la Bingu mu 2017, zina zamphatso, zina zangongole. Ngongoleyo tikubweza tonse, ngakhale ife amene sitinaponde pa bwalolo. Pa ntchito zotere kontilakita wamkulu amachokera kunja, Mmalawi amanyamula simenti.

Inu atatu amene mukupita, pali china chimene chasintha kuchokera nthawi ya agogo athu. Lilongwe inamangidwa ndi njerwa zootcha, ndipo mauvuni pamodzi ndi makala zadya mitengo yambiri, mpaka nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje umene mzinda wonse umamwa. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi zamalonda. M'makomboni anthu akuotchabe, koma pa ntchito zikuluzikulu akufuna mabuloko a simenti. Wodziwa chikombole cha zidina chokha adzangopatsidwa wilibala. Amene anagwirako makina a mabuloko, kapena ali ndi pepala la ku TEVETA, amayamba pamwamba pang'ono. Musanakwere basi kambiranani za malipiro, pa tsiku kapena pa ntchito, ndipo funsani kumene muzikagona, chifukwa landilodi wa ku Lilongwe amafuna ya miyezi itatu musanalowetse mphasa.

Nditsirize ndi nkhani ya pakhomo pathu, imene ena mukuidziwa kale. Atsibweni anga anapita ku Lilongwe ali mnyamata, Chilwa itaphwanso mu 1995. Anayamba kuponda matope, n'kukhala mmisiri womanga wodalirika. Nyumba zimene manja awo amanga sangathe kuziwerenga, koma iwo zaka zonsezi ali pa lendi. Zaka zingapo zapitazo anatopa nazo. Anabwera kumudzi n'kuumiriza abale kuti agulitse dimba la mpunga limene linali gawo lawo, amayi anga akukana, anganga akulira. Ndalamazo anaphatikiza ndi zimene anasunga, n'kugula puloti kunja kwa mzinda kudzera mwa munthu wina amene anawalonjeza kuti zonse zili bwino. Anapatsidwa kalata yolemba pamanja, ya chidindo ndi mboni ziwiri. Anagula mchenga, anakumba maziko. Tsiku lina m'mawa anapeza bambo wina akutsitsa miyala pamalo omwewo, nayenso ali ndi kalata yake, chidindo chomwecho, tsiku lake la m'mbuyo kuposa lawo. Wogulitsa uja foni yake inasiya kupezeka.

Mlandu unayenda kwa amfumu, unafika kupolisi, mpaka pano sunathe. Dimba lija chaka chino labereka matumba amene sindikufuna kuwatchula, ndipo akukolola ndi ena. Atsibweni abwera kumudzi sabata ya mawa kudzaona anganga. Ndawapempha kuti Loweruka adzakhale nafe pa msonkhano, ndipo avomera kubweretsa kalata ija kuti aliyense aione ndi maso ake, aone mmene imaonekera ngati yeniyeni. Tidzayamba 2 koloko pamalo pathu pa nthawi zonse. Atatu inu musajombe, ndipo aliyense amene kwawo akukamba zogulitsa munda abwere ndi makolo ake.