Ntchito ya Mlembi wa Komiti ya Makolo ndi Aphunzitsi

Komiti ya makolo ndi aphunzitsi, yomwe timaitcha PTA, imalumikizitsa makolo ndi sukulu. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anachuluka m'makalasi, ndipo ntchito monga kuumba njerwa ndi kumanga zimbudzi zimadalira ife makolo. Mlembi ndiye amasunga zonse zomwe tagwirizana.

Msonkhano usanachitike

Mlembi amakonza mfundo zokambirana pamodzi ndi wapampando komanso mphunzitsi wamkulu, kenaka amatumiza uthenga kudzera mwa ana, mafumu ndi m'misikiti. Kwathu kunyanja kuno, tsiku lisagundane ndi Swala ya Jumu'ah kapena tsiku la msika, ndipo nthawi ikhale yoti asodzi abwerako kunyanja.

Pa msonkhano

Salemba chilichonse choyankhulidwa. M'maminitsi mumalowa tsiku, obwera, zomwe zamangidwa, woti achite ntchitoyo ndi tsiku lomaliza. Tikagwirizana zosonkha, alembe kuchuluka kwa ndalama pa banja lililonse ndi cholinga chake. Ndalamazo amasunga ndi msungichuma, osati mlembi.

Msonkhano ukatha

Maminitsi amawerengedwa pamsonkhano wotsatira, ndipo anthu akavomereza, wapampando amasayina. Bukuli ndi limene limathetsa mikangano wina akafunsa kuti ndalama za simenti zinapita kuti. Nkhani za mwana amene wasiya sukulu kapena watenga pathupi ndi zachinsinsi, zosakamba kudoko kapena pamjigo.

Posankha mlembi tiyang'ane munthu wokhulupirika, wodziwa kulemba ndiponso wosajomba kumisonkhano, kaya ndi mayi kapena bambo. Nthawi yake ikatha, apereke bukulo kwa womulowa m'malo.