Mmene Kariba inatiphunzitsira kumvetsera nthaka

Khoma la Kariba linatsekedwa mu December 1958, ndipo madzi a Zambezi anayamba kudzaza cigwa ca Gwembe, kumene anthu a Citonga pafupifupi 57,000 anali atasamutsidwa. Madzi akukwera, nthaka ya kumeneko inayamba kugwedezeka kawirikawiri. Pa 23 September 1963, nyanja itangodzala, kunacitika civomezi cacikulu, ca mphamvu pafupifupi 6 pa muyeso wa zivomezi. Kodi inali nyanjayo, kapena zinangocitikira pamodzi?

Yankho linafunika makina amene amati seismograph, olemba kugwedezeka kwa nthaka usana ndi usiku. Civomezi cimatumiza mafunde a mitundu iwiri pansi pa nthaka. Mafunde a P amathamanga, a S amabwera pambuyo. Mpata wa nthawi pakati pa awiriwa umasonyeza kutalika kwa kumene civomezi cayambira, koma suloza malo ake enieni. Kuti muwapeze pamafunika masiteshoni atatu kapena kuposa. Ndiye cifukwa cake maiko oyandikana amagawana zimene makina ao alemba.

Mu 1961 America inayamba kuika masiteshoni pafupifupi 120 pa dziko lonse, cifukwa inafuna kudziwa ngati wina akuyesa mabomba a nyukiliya mobisa. Imodzi inali ku Bulawayo. Makina obwera cifukwa ca mantha a nkhondo anathandizanso pa kafukufuku wa zivomezi za kuno kwathu. Mu 1970 akatswiri awiri, D.I. Gough ndi W.I. Gough, anafalitsa zimene anapeza pa Kariba. Madzi olemera matani pafupifupi 180 biliyoni anakankha ming'alu yakale ya m'miyala, imene inali itatsala pang'ono kutsetsereka. Kariba inakhala cimodzi mwa zitsanzo zodziwika zoonetsa kuti damu lalikulu lingathe kuutsa zivomezi.

Mu 1993 akatswiri a zivomezi a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa anapanga gulu la ESARSWG, kuti azisonkhanitsa pamodzi zolemba za masiteshoni ao. Mu 2005 kunabwera AfricaArray, imene inaonjezera masiteshoni ndi kuphunzitsa ophunzira a mu Africa muno. Lero ku Lusaka kuli siteshoni ya LSZ, imene zolemba zake zimawerengedwa pa dziko lonse.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Zigwa za Luangwa, Mweru ndi Tanganyika zili pa ming'alu yaikulu ya nthaka, ndipo aneba athu ku Karonga anaona nyumba zambiri zikugwa mu December 2009. Palibe makina onena tsiku limene civomezi cidzabwera. Koma zolemba za zaka zambiri zimasonyeza malo oopsa, ndi mmene damu, mlatho kapena sukulu ziyenera kumangidwira. Siteshoni ikazima caka cimodzi, zimene nthaka inacita caka cimeneco pamalopo sizilembedwanso. Ngati masamu ndi sayansi mumazikonda, geology amaphunzitsa ku School of Mines ya pa UNZA, ndipo makinawa amafunika anthu owasamalira ndi owawerenga.